Zipangizo zikuonetsa netiweki yamphamvu, nanga intaneti ikudukiranji?

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa wowerenga wina amene analumikiza nyumba ziwiri zotalikirana makilomita 2 ndi zipangizo za WiFi zapanja za 5 GHz, zomangidwa pa milongoti moyang'anizana. Iwo akuti: "Cha mbali ino chikuonetsa -62 dBm, cha uko -68. Ndinamva kuti manambalawa ndi abwino, koma kukangochita mphepo kapena mvula, intaneti imadukaduka. Kodi manambalawa amanama?"

Zikomo pondilembera. Manambalawo sanama, koma amangokuuzani chinthu chimodzi: mphamvu ya mafunde amene akufika ku antena, yoyezedwa mu dBm, ngati kukula kwa mawu amene akufika m'khutu. Sakuuzani ngati mawuwo akumveka bwino.

Tiyambe ndi -62 ndi -68 zanuzo. Nambala yoyandikira ziro ndiyo yamphamvu. Kusiyana kwa 6 kumaoneka ngati kochepa, koma dB, muyezo wa kusiyana kwa mphamvu, sawerengedwa ngati masentimita a pa rula. Kutsika ndi 3 dB ndiye kuti mphamvu yadulidwa pakati, ndipo 6 dB ndiye kuti yatsala kota. Njira ya mafunde ndi imodzimodzi popita ndi pobwera, choncho zipangizo zamtundu umodzi, zotumiza ndi mphamvu yofanana, zimayenera kuonetsa manambala oyandikana. Apa ambiri amasokonezeka: -68 ya uko ikunena za mawu ochokera mbali ino. Ndiye kaoneni ngati chipangizo cha mbali inocho sichinachepetsedwe mphamvu yotumizira.

Ngati zipangizozo ndi za makampani osiyana, musadzivutitse kuzifananitsa. Malamulo a WiFi otchedwa IEEE 802.11 amangonena kuti RSSI, muyezo wa mphamvu ya mafunde amene chipangizo chalandira, ikhale nambala yosapitirira 255, koma kayezedwe kake amasiyira wopanga aliyense. Timadishi timeneti si zoyezera za mu labotale, ndipo kusemphana ndi ma dB angapo si zachilendo. Timizere ta netiweki ta pa foni nditi tosadalirika kwambiri, ine sindiyang'anako n'komwe. Nambala ya dBm imathandiza mukamaiyerekeza ndi mmene chipangizo chomwecho chinkaonetsera dzulo kapena mwezi watha.

Kenako pali phokoso. Munthu akhoza kukuwa ndithu, koma ngati waima pafupi ndi injini yomwe ikulira, simumva zomwe akunena. Pa tsamba lomwelo loonetsa -62 pali nambala ina ya noise floor, yoonetsa kuchuluka kwa phokoso la mafunde ena. Ikakhala -95, mpata pakati pa mawu ndi phokoso, womwe amautcha SNR, ndi 33 dB, zomwe zili bwino kwambiri. Oyandikana nanu akakhala pa tchanelo chomwecho n'kukweza phokoso kufika -80, mpatawo umatsala 18 dB, liwiro limatsika, pamene -62 ija ili chiimire. Tchanelo chachikulu cha 80 MHz chimatolanso phokoso lochuluka ndi 6 dB poyerekeza ndi cha 20 MHz. Ngati simukufuna liwiro lalikulu, tsikirani pa 20 kapena 40.

Za mvula, ndikukayikira kuti madontho enieniwo ndi amene akukuvutitsani. Pa 5 GHz, pa mtunda wa makilomita 2, mvula imadya mphamvu yochepa kwambiri. Zikanakhala zipangizo za 60 GHz bwenzi tikunena zina. Chomwe mvula imachita ndi kunyowetsa masamba a mitengo, ndipo masamba onyowa amameza mafunde. Mwina munena kuti mukakwera pa mlongoti dishi linalo mumaliona bwinobwino. Kuonana kokha sikukwanira. Mafunde sayenda ngati ulusi, amafufuma pakati pa njira, m'dera lotchedwa Fresnel zone, dzina lochokera kwa wasayansi wa ku France, Augustin-Jean Fresnel. Pa mtunda wanuwo, pakatikati penipeni, derali limafika mamita pafupifupi 5.5 kuchokera pa mzere wowongoka, ndipo 60 peresenti yake, mamita opitirira pang'ono 3, iyenera kukhala yopanda chotchinga. Mtengo umene unali pansi tsiku lomwe munkamanga mwina pano walowamo, pajatu mitengo siipuma kukula. Mphepo ikamaugwedeza, nambala imavina.

Mphepo yomweyo imagwedezanso mlongoti. Dishi limaponya mafunde mopanikiza, madigiri ochepa okha, ndiye paipi yopyapyala yopanda mawaya oikoka kapena bawuti imodzi yomasuka ndi zokwanira kulisocheretsa.

Tsono chitani izi kwa sabata imodzi. Siyani kompyuta ikutumiza ping, kauthenga kofufuza ngati chipangizo chikuyankha, ku chipangizo cha uko osalekeza, ndipo nthawi iliyonse intaneti ikaduka lembani dBm ndi noise floor. Nambala ya dBm ikamagwa limodzi ndi intaneti, vuto lili m'mwamba: mitengo, mlongoti, kapena madzi olowa polumikizira antena. Ikakhala pomwepo koma phokoso lakwera, sinthani tchanelo. Zonse ziwiri zikakhala bwino koma intaneti n'kumadukabe, tsatirani chingwe cha Ethernet, chomwe chimachokera ku chipangizocho kulowa m'nyumba. Chingwe cha m'nyumba chikaikidwa panja, dzuwa limang'ambitsa khungu lake, madzi amalowa n'kutsetsereka mpaka pa pulagi, ndipo magetsi a PoE, odzera m'chingwe chomwecho kukayatsa chipangizo, amayamba kuphethira. Zulani pulagiyo muyang'ane timano take: tikakhala tobiriwira kapena takuda, dulani muike ina, ndipo chingwecho muchipinde kuti chizilendewera pansi pang'ono chisanalowe m'khoma, madzi azidonthera panja.