Bwanji ntchito zosamuka ku Ulaya sizifika ku Salima?

Achimwene ena omwe akuphunzira zamagetsi ku Salima Technical College andilembera imelo. Akuti amamva kuti makampani a ku Ulaya ndi ku America amasamutsira ntchito kumayiko kumene anthu amalandira zochepa. "Nanga ife si ndiye otsika mtengo kwambiri? Bwanji sabwera kuno? Kodi ndisiye zamagetsi, ndiyambe za kompyuta?"

Achimwene, ndiyambe ndi thonje. Ine ndinakulira m'munda wa thonje kwa Khombedza. Tinkatola dzuwa likuswa mtengo, kusankha loyera, kulipondera m'masaka, ulendo wa ku sikelo. Likachotsedwa njere, lambiri linkatuluka m'dziko. Kupota ulusi, kuwomba nsalu, kudinda, kusoka, zonsezo ankadyerera ena, ife malaya nkumatipeza m'mabelo a kaunjika pa Kamuzu Road. Ntchito zaluso zili pakati pa munda ndi belo lija, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ifeyo tinangogwira kumayambiriro ndi kumapeto.

Mwini fakitale sayang'ana malipiro okha. Amafunsa ngati magetsi sazima makina ali mkati moluka, ngati kontena ifika ku doko la Nacala kapena Beira pa tsiku lomwe analonjeza, ngati ndalama zakunja zogulira zitsulo zipezeka, ngati alipo wodzutsa makina akafa pakati pa usiku. Pamenepa ndi pomwe timagwera. Bangladesh ili ndi doko lakelake la Chittagong, ife katundu wathu amayamba wadutsa m'dziko la eni. Komabe si nkhani ya nyanja yokha. Lamulo la AGOA litabwera mu 2000, kulola zovala za mu Africa kulowa ku America popanda msonkho, Lesotho, yomwenso ilibe doko, inadzaza mafakitale osoka. Mauritius inkadalira nzimbe ngati a ku Dwangwa, koma kuyambira mu 1970 inakonza malamulo okopa mafakitale otumiza katundu kunja, anthu ake nkuphunzirapo luso.

Za kompyutazo zilipodi. India ndi Philippines amayankha mafoni a makasitomala a ku America, ndipo ku Nairobi achinyamata amalembedwa ntchito zosanja zithunzi ndi mawu zophunzitsira makina. Izi sizifuna doko, zimangofuna intaneti ndi magetsi odalirika. Koma ntchito yobwera pa waya imachokanso pa waya womwewo, ndipo zophwekazo ndi zomwe AI, makompyuta ophunzitsidwa kugwira ntchito ngati munthu, ikuyamba kulanda.

Choncho musasiye zamagetsi. Ku Nanjoka kuli malo a sola opanga mamegawati 60 omwe anayamba mu 2021. Ku Dwangwa akupanga shuga ndi ethanol. Makina a masiku ano amayendetsedwa ndi timakompyuta totchedwa PLC, ndiye kompyuta yoti muphunzire ndi imeneyo, pamodzi ndi mainveta (zipangizo zosintha magetsi a sola kukhala ngati a m'nyumba) ndi mapampu a sola a ulimi wothirira. Pampu ikafa m'mbali mwa mtsinje wa Bua, wa ku India sangaikonze pa foni.

Chaka chatha chigayo cha m'mudzi mwathu chinakhala milungu iwiri chili zii, amayi akusenza chimanga mtunda wautali, podikira katswiri wochokera ku Lilongwe. Atafika anatsegula bokosi, nkusintha kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, pasanathe ola mota inalira. Mukamaliza maphunziro mundiuze, nambala yanu ndikaisiye kwa mwini chigayocho.