Alangizi anu si osainira mafomu okha

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wina wa chaka chachiwiri ku yunivesite, amene akuphunzira psychology. Analemba kuti: "Anatipatsa lekichala woti azitilangiza pa maphunziro, koma ine ndimangopita kukasainitsa fomu ya makosi n'kutuluka. Ndikufuna kudzakhala clinical psychologist, koma statistics ikundizunguza mutu. Kodi ndizikakamba nawo chiyani?"

Achemwali, kawauzeni zomwe mwandiuza inezi. Koma musapite sabata yolembetsa makosi, pamene pakhomo pa ofesi pali mzere ndipo aliyense wanyamula fomu. Dikirani papite masabata atatu, muwalembere uthenga waufupi wopempha mphindi 20, ndipo popita mutenge pepala la magiredi anu onse, oipa omwe. Ambirife tinakula tikuopa ofesi ya aphunzitsi ngati kuti kumeneko n'kwa olakwa okha. Inenso ndinatha zaka ziwiri ndikuwalambalala alangizi anga pakhonde, ndipo tsiku limene ndinafuna kalata yondichitira umboni, anayamba andifunsa kaye dzina.

Kalata imeneyo ndiyo nkhani yaikulu. Digiri yoyamba ya psychology siikupatsani chilolezo chothandiza odwala matenda a maganizo ngati clinical psychologist, pamafunika masters. Ku South Africa, mwachitsanzo, munthu amachita honours (chaka choonjezera akamaliza digiri yoyamba), kenako masters, n'kugwira ntchito moyang'aniridwa chaka chathunthu, ndiponso kulemba mayeso a HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo m'dzikolo, asanalembedwe m'kaundula. Malo a masters amakhala ochepa. Osankha ophunzira amayang'ana magiredi, zimene munagwirapo ndi anthu, ndi makalata a aphunzitsi anu. Mphunzitsi amene anakuonani kamodzi kokha angalembe chiyani? Adzangoti munali m'kalasi mwake, basi.

Za statistics musabise. Simungaithawe, chifukwa kafukufuku wanu wa chaka chomaliza adzadalira yomweyo: kusankha anthu oti muwafunse, kulowetsa mayankho mu SPSS (pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala), kudziwa ngati kusiyana kwa magulu awiri kuli ndi tanthauzo kapena kwangochitika mwamwayi. Kungonena kuti "statistics ndiyovuta" sikuthandiza aliyense. Tengani mayeso amene munalephera, muwaonetse funso lenilenilo limene munasokonekera. Mwina vuto ndi masamu a ku sekondale amene anakutsalirani, mwina mumangoloweza njira osamvetsa chifukwa chake. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kuli bwino kuzidziwa mwezi uno kusiyana ndi kudzazidziwira pa mayeso obwereza, a sapu.

Muwafunsenso za kumene mungakadzipereke pa tchuthi. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu ndi malo odziwika, koma wophunzira sangangofika pageti n'kulowa. Pamafunika kalata yochokera ku dipatimenti, ndipo alangizi amadziwa woyenera kumulembera.

Mukakumana ndi maliro, matenda kapena vuto la fizi, auzeni mayeso asanafike. Zotsatira zikatuluka, zimene angakuchitireni zimakhala zochepa kwambiri.

Nanga akakhala kuti alangiziwo sapezeka, uthenga sayankha? Zimachitika ndithu. Yesani kawiri, kenako pitani kwa mkulu wa dipatimenti mwaulemu, osati kukawaneneza, koma kukapempha woti akuthandizeni. Potuluka mu ofesi iliyonse, lembani m'kope zimene mwagwirizana, ndipo mufunse tsiku loti mudzabwerenso.