Yankho: kutopa, dzanzi ndi vitamini B1

Achemwali, mwafunsa ngati kutopa ndi dzanzi la kumapazi kwa bambo anu ku Mufakose, mumzinda wa Harare, zingabwere chifukwa chosowa vitamini B1. Zingatheke ndithu, makamaka poti mwati amamwa mowa tsiku lililonse. Mowa umalepheretsa matumbo kuyamwa vitaminiyu.

B1, kapena thiamin, ndiye amathandiza thupi kusandutsa nsima kukhala mphamvu. Akasowa, mitsempha ndi mtima zimayamba kuvutika. Mwamuna amafunika 1.2 mg patsiku, mkazi 1.1 mg, ndipo thupi silisunga wambiri: pakatha masabata awiri kapena atatu nkhokwe yatha.

Vuto lili mu ufa. B1 amakhala m'gaga ndi m'mtima wa chimanga, ndiye ufa woyera mbee wataya wambiri. Agulireni mgaiwa kapena ufa uja kuno timati roller meal, nyemba ndi mtedza kumsika wa Mbare Musika, nyama ya nkhumba ikapezeka. Chonde musathire soda m'nyemba, amawononga vitaminiyu, ndipo msuzi wake adye.

Koma dzanzi limabweranso ndi shuga, choncho akayezetse kuchipatala. Mukaona miyendo yatupa, akubanika, akusokonezeka kapena kudzandira osamwa, thamangani nawo tsiku lomwelo. Pamenepo pafunika jakisoni.