Kodi Sitika Angathetse Nsabwe Zoyera pa Maapozi?

FUNSO: Alangizi, mitengo yanga ya maapozi yagwidwa ndi nsabwe. Zina n'zobiriwira, zadzaza kunsonga kwa mphukira, zina zabisala m'tinthu toyera ngati thonje m'mphanda za nthambi. Ndapopera mankhwala koma zoyerazo sizikutha. Mnzanga akuti ndizithira sitika wambiri m'sipuleya kuti mankhwala amatirire. Kodi zithandiza? Nanga mankhwalawo sadzatsalira pa zipatso, poti kukolola kwayandikira?
Bambo wolima maapozi

YANKHO: Zikomo bambo. Musathamangire kuwonjezera sitika, chifukwa vuto lanu si mvula kukokolola mankhwala.

Zosakaniza ndi mankhwala m'sipuleya zimagwira ntchito zosiyana. Zina zimayala dontho kuti linyowetse malo aakulu, zina zimalimata pamene lagwera, ndipo zina, makamaka zamafuta, zimathandiza mankhwala kulowa m'tsamba. Sitika ndi womata uja, woteteza mankhwala kuti mvula isawakokolole.

Nsabwe zoyerazo dzina lake la sayansi ndi Eriosoma lanigerum, ndipo choyeracho ndi phula limene zimatulutsa zokha. Mawa m'mawa mukazipopere madzi okhaokha, muyandikire nkhope. Muona timadontho titakhala pamwamba pa phulalo, tina tikugubuduka, nsabwe zili gwaa pansi pake zosanyowa n'komwe. Mukatikita ndi chala chikafiira, dziwani kuti n'zamoyo. Sitika adzangogwira dontho pamwamba pomwepo. Chofunika ndi chonyowetsa choyala, madzi okwanira, ndi pampu yamphamvu yofikitsa mankhwala m'ming'alu ya khungwa ndi m'mabala a potengulira. Komanso zina mwa nsabwezi zimakhala ku mizu, kumene sipuleya sifika, ndipo zimakweranso mumtengo. N'chifukwa chake alimi ambiri amadalira mankhwala otchedwa spirotetramat, amene amayenda ndi madzi a mumtengo kukwera ndi kutsika. Ameneyu amafuna chothandiza kulowa m'tsamba. Womata amamulepheretsa kulowa, ndipo nthawi yabwino yopopera spirotetramat ndi maluwa atayoyoka, masamba ataphuka bwino, chifukwa amapha pang'onopang'ono.

Mawu oti "wambiri" aja ndiwo andidetsa nkhawa. Zoyala zina, monga za organosilicone, n'zamphamvu kwambiri moti mukapyola muyezo kapena kuchulutsa madzi, mankhwala amayenderera n'kumadontha kunsonga kwa masamba. Amathera pansi, pamtengo n'kutsala ochepa kuposa mukanapanda kuthira kanthu. Mafuta nawo akakumana ndi mankhwala a matenda a mbewu monga captan kapena sulufule amawaula masamba ndi kukakalitsa khungu la zipatso, makamaka kukatentha. Maapozi a Golden Delicious sachedwa kuonetsa zipsera zotere.

Za zotsalira pa zipatso mwaganiza bwino, ndipo ndikanakonda alimi onse akanamafunsa chonchi. Chimene chimateteza mankhwala ku mvula, kapena kuwalowetsa m'khungu la apozi, chingathenso kuwasunga nthawi yaitali pa chipatsocho, ndipo olowa m'khungu sachoka onse ndi kutsuka. Malire a zotsalira amayezedwa m'mamiligalamu pa kilogalamu iliyonse ya zipatso. Mayiko amaika malire awo, ndipo ambiri amatsatira a Codex Alimentarius Commission, bungwe limene FAO ndi WHO, nthambi za United Nations zoona za chakudya ndi zaumoyo, anakhazikitsa mu 1963. Masiku odikira musanakolole, olembedwa pa lebulo, anawerengedwa pa muyezo wa pa lebulopo. Mukasintha kasakanizidwe mwa nzeru zanu, masikuwo simungawadalirenso. Ine pafupi ndi kukolola sindilola chosakaniza chilichonse chimene lebulo sinatchule. Amene adzadye apoziyo mwina ndi mwana, ndipo alibe njira yodziwira zimene zinali m'sipuleya yanu.

Pakali pano dulani mphukira zimene zagwidwa kwambiri, mukazitaye kutali ndi munda. Potero muyang'anitsitse m'magulu oyerawo. Mukapeza nsabwe zakuda, zouma, zina zili ndi kabowo pamsana, ndiye kuti timavu ta Aphelinus mali, timene timapha nsabwezi, tayamba kale kukuthandizani. Musatiphe ndi mankhwala osasankha monga a gulu la pyrethroid, chifukwa tikatha, nsabwe zoyera zimabwerera zochuluka kuposa kale.

Zobiriwira zija sizivuta chimodzimodzi pa mitengo ikuluikulu. Zimakonda mphukira zanthete, choncho chepetsani feteleza wa nayitirojeni, ndipo mumange lamba womata pa thunthu kuti nyerere, zimene zimaziteteza kwa adani ake, zisakwere.