Mphika wachitsulo wa agogowo musautaye

Achemwali, mwati mwapeza mphika wachitsulo wa miyendo itatu womwe agogo anu ankaphikira, mkati mwachita dzimbiri, kunja kwamata mwaye ndi mafuta akalekale, ndipo mukufunsa ngati ungakonzeke kapena mungowapatsa ogula zitsulo zakale. Ndaona ena akuuzani kuti muuponye pamoto waukulu upsereretu, wina wati muthiremo asidi wa m'batire. Zonse ziwirizo zisiyeni. Moto wolilima umang'alula chitsulo chotere, ndipo asidi wa m'batire amakhala ndi mtovu, sayenera kuyandikira chiwiya chodyera.

Musanawononge ndalama ndi mphamvu, yambani mwaufufuza mphikawo. Tengani maginito, ngakhale a sipika yakufa, muwagunditse. Akamata ndiye kuti ndi chitsulo. Akapanda kumata ndi aluminiyamu, ngati miphika ija amasungunula amisiri a m'misika, ndipo zomwe ndikulemba apazi sizikuukhudza. Kenako ukolekeni pachogwirira chake, muugogode ndi mthiko. Wabwinobwino umalira nthawi yotalikirapo, wong'aluka umangoti phu. Chitsulo ichi n'chosungunula, chili ndi kaboni wambiri, pakati pa magawo 2 ndi 4 pa 100 alionse, n'chifukwa chake n'cholimba koma sichipindika, chimangosweka. Kuwotcherera mng'alu wake n'kovuta ndipo nthawi zambiri umatsegukanso.

Funsaninso akuluakulu kumudziko kuti agogo atasiya kuuphikira unkagwira ntchito yanji. Ngati unkamwera nkhuku kapena unangokhala m'nkhokwe, palibe vuto. Koma ngati wina ankasungunuliramo mtovu, kapena ankasakaniziramo mankhwala a thonje kapena a fodya, musauphikirenso ngakhale muutsuke motani. Dzalanimo maluwa.

Yang'anani pachivundikiro kapena m'mbali. Miphika ina yamtunduwu imalembedwa Falkirk, dzina la tawuni ya ku Scotland yomwe inkadziwika ndi ntchito yosungunula zitsulo. Pamakhalanso nambala ya kukula kwake. Wa nambala 3 umalowa malita pafupifupi 8.

Pa mphikapo pali mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Mafuta opserera aja amachoka ndi zinthu za mtundu wa chidulo. Dzimbiri limachoka ndi zowawasa. Viniga sachotsa mafuta, chidulo sichichotsa dzimbiri. Muyambe ndi mafuta, chifukwa dzimbiri lina labisala pansi pake.

Ngati zomatazo si zambiri, phulusa la nkhuni ndi madzi otentha n'zokwanira. Kandani phulusa ngati phala, matani mphika wonse, usiyeni maola angapo, kenako kwechani ndi burashi ya waya. Ngati zakhuthala moti mukukanda ndi mpeni, gulani kositiki soda, uja amapangira sopo (si soda wa therere ayi). Theka la kilogalamu m'ndowa ya pulasitiki ya malita 20. Muyambe mwathira madzi ozizira, sodayo muzimuthira pang'onopang'ono m'madzimo, osati madzi pa soda, chifukwa amatentha n'kuthovokera kumaso. Valani magolovesi a labala, tetezani maso, gwirirani panja. Mizani mphikawo, vundikirani, muusiye masiku awiri mpaka sabata. Chitsulo sichidyeka m'madzi amenewa, choncho palibe chothamangira. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti ndowayo muitsekere komwe mwana sangafike. Madziwo poyamba amaoneka ngati madzi wamba, koma mwana akamwa amapsa kummero. Akakudonthokerani pakhungu, sambani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Mafuta akachoka, tsukuluzani bwinobwino, ndiye mubwere ku dzimbiri. Viniga woyera wa m'sitolo, theka viniga theka madzi. Simufunika kumiza mphika wonse. Thirani mkatimo, muziupendeketsa kuti afike m'mbali, kunja muyalepo nsalu yonyowetsa ndi viniga yemweyo. Apa ndiye nthawi muziyiyang'ana. Mphindi 30 zikakwana khuthulani, kwechani ndi waya wotsukira mapoto, muone. Ngati dzimbiri likadalipo bwerezani. Musagoneke viniga mumphika usiku wonse, chifukwa akamaliza dzimbiri amayamba kudya chitsulo chenicheni n'kusiya timaenje. Kopanda viniga, madzi a mandimu amagwira. Pomwe pakanika, sandipepa amathandiza. Mukaona chitsulo chotuwa, tsukani ndi madzi ozizira omwe mwasungunuliramo supuni ya soda wophikira kuti athetse asidi wotsala.

Ine ndimakonda kuphikamo kaye phala la madeya, n'kulitaya. Limatuluka lotuwa ndi zinyenyeswa zachitsulo zomwe maso sanaone. Likatuluka loyera ndiye kuti mkati mwayera.

Mphika woyera chonchi umachitanso dzimbiri mukuona, m'mphindi zochepa chabe. Choncho mbaula ikhale itayaka kale. Pukutani, ikani pamoto wochepa mpaka chinyezi chonse chithe, ndipo ukadali wofunda yambani kupaka mafuta.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti mafuta ambiri ndiye chitetezo chambiri. Kuda kosalala kuja mumakuona pa chiwaya cha anyamata a tchipisi si mafuta ongokhala pamwamba. Mafuta opyapyala akatenthedwa kwambiri pachitsulo amasintha, amauma n'kukhala chikopa cholimba chomwe chimagwirana ndi chitsulocho. Chikopa chimenecho ndi chomwe chimatchinga madzi komanso kuletsa chakudya kumata. Koma chimapangika pokhapokha mafutawo apyapyale kwambiri. Akachuluka, pamwamba pamauma pansi pakadali pofewa, mphika umanata, umakola fumbi, kenako zimasupuka n'kugwera m'ndiwo.

Ndiye thirani supuni imodzi yaing'ono ya mafuta ophikira, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, pakansalu koyera. Majarini ayi, ali ndi madzi ndi mchere. Pakani paliponse, mkati, kunja, m'miyendo, m'makutu mokolekera chogwirira, chivundikiro mbali zonse. Kenako tengani nsalu ina youma mupukute mwamphamvu mpaka muganize kuti mwachotsa onse. Otsalawo ndi omwe akufunika.

Ngati muli ndi uvuni ndipo mphika ukukwanamo, uikeni chozondoka, kutentha kukhale pakati pa madigiri 230 ndi 250, kwa ola limodzi, kenako muzimitse uzizirire momwemo. Tsegulani mawindo chifukwa utsi umakhalapo. Ngati mulibe, kapena mukuopa mayunitsi, mbaula imagwira bwino lomwe, kungoti imafuna kuyang'anira. Makala akhale ofiira, osati olilima. Mphika uyamba kufuka utsi. Dikirani utsiwo uthe wokha, ndiye muugoneke chammbali, muziutembenuza kuti mbali iliyonse ilandire moto, chifukwa pambaula pansi pamapsa msanga m'mbali musanatenthe. Ukazizira ukhudzeni. Ukamanata, ubwezereni pamoto, musawonjezere mafuta. Ukakhala wouma ndi wosalala, pakaninso. Katatu kapena kanayi n'kokwanira. Poyamba uoneka wofiirira kapena wamawanga, musadandaule, kuda kwenikweni kumabwera ndi kuphikira. Ukadali wotentha musauthire madzi ozizira, ndi momwe miphika yambiri imang'alukira. Penti mkati ayi.

Milungu yoyambirira muuphikire zamafuta: mandasi, zitumbuwa, tchipisi, nyama yokazinga. Vuto lathu ndi loti ndiwo zathu pafupifupi zonse zimalowa tomato, ndipo tomato wowira nthawi yaitali amadya chikopa chatsopanocho, msuzi n'kumamveka chitsulo. Nyemba za tomato wambiri zidikire kaye. Therere la soda kapena la chidulo nalonso lipititseni kumphika wina, chifukwa chidulo ndi chija tachotsera mafuta poyamba paja. Thobwa musasungiremo. Chikopa chikakhwima tomato sakhalanso nkhani, bola chakudya chikapsa muzichipakula, chisagone mumphika.

Komabe chomwe chimapha miphika imeneyi m'nyumba zathu si tomato ayi, ndi chizolowezi chothira madzi mumphika wa nsima kuti nkhoko zifewe, n'kuusiya panja mpaka m'mawa. Poto wa aluminiyamu amapirira zimenezo. Wachitsulo mudzaupeza utafiira, ntchito yonse ija yapita. Mukapakula nsima, thirani madzi ofunda, bwezerani pamakala otsala awire mphindi zochepa, nkhoko zimatuka zokha ndi mthiko. Sopo pang'ono saononga chilichonse, chikopa chowotcha bwino sichichoka ndi sopo wotsukira mbale. Chomwe muleke ndi mchenga ndi phulusa mkati. Zikamata kwambiri, kwechani ndi mchere wamiyala ndi dontho la mafuta. Mukatsuka musauike pathandala kuti uume ndi mphepo. Uumitseni pamoto, pakani timafuta ndi kansalu, mwatha. Auzeninso onse omwe amatsuka mbale pakhomopo, chifukwa amene amawononga mphikawu si wophika, ndi wotsuka.

Mungamve ena akunena kuti dzimbiri ndi poizoni. Kadzimbiri kochepa sikavulaza munthu, kamangoipitsa kakomedwe. Chitsulo pang'ono chimalowadi m'chakudya, makamaka chowawasa, moti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ofufuza anayesapo kugawa miphika yachitsulo m'midzi ina ya m'Malawi pofuna kuchepetsa vuto la kuchepa kwa magazi. Mabanja ambiri sanaikonde, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali kulemera ndi dzimbiri lomweli. Ngati m'nyumba mwanu muli wina yemwe adokotala anamuuza kuti ali ndi ayironi wochuluka m'thupi, ameneyo afunse kaye kuchipatala.

Posunga, makamaka nyengo ya dzinja chinyezi chikachuluka, musauvundikire kothina. Ikani pepala kapena kamtengo pakati pa mphika ndi chivundikiro kuti mpweya uzidutsa, ndipo usakhale pasimenti, uikeni pathabwa. Kadzimbiri kakabwerera penapake simuyambiranso ku kositiki soda. Kwechani pamalo pomwepo, pakani mafuta, wotchani kamodzi.

Mutitumizire chithunzi cha pansi pake mukachotsa mwayewo. Ngati pali timaenje takuya chifukwa chokhalitsa panthaka yonyowa, pamenepo padzafunika kupaka ndi kuwotcha kangapo kuposa malo ena, ndipo ndikufuna ndione kaye kuti patsala chitsulo chokhuthala bwanji.