Mwati mutsike komboyo n'kuyamba wapansi, achemwali?

Achemwali ena a ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, amene pano akugwira ntchito mumzinda wa Tete, andilembera imelo kufunsa njira za kumidzi zoti munthu atsike komboyo (sitima yapanjanji) pa siteshoni n'kumayenda wapansi, kungowongola miyendo basi. Poyamba ndinaseka, koma funsoli landikhala pamtima masiku atatu.

Kwanu ku Angonia kulibe njanji, ngakhale mu Tete momwemo mulibe siteshoni. Mpaka mukwere chapa (minibasi) makilomita ngati 20 kukafika ku Moatize. Ndipo tisabisane, njanji ya Sena, mbali yofika ku Moatize, anaimangira malasha, osati inu ndi ine. Nkhondo inaitseka zaka zambiri, ndipo malasha atayambanso kutsikira ku Beira mu 2011 m'pamene tinamvanso kulira kwa sitima usiku.

Ine matenda anuwa anandigwirapo. Chaka china mu Okutobala ndinatsika pa siteshoni ya Doa ndi kabotolo kamodzi ka madzi, ati ndikaone malambe. Okutobala! Ndani anandiloza? Pofika 10 koloko nthaka inali ikuwotcha mpaka kudutsa nsapato, mbuzi zonse zitaunjikana pansi pa mitengo ya masau, zikungondiyang'ana. Madzi anatha. Ndinafika pakhomo lina, ndinaodira, agogo ena n'kutuluka ndi chikho. Anandisiya ndimwe kaye, kenako anati, "Mwanawe, maliro ali kuti?" Ndinati kulibe maliro, agogo, ndikungoyenda. Anandiyang'ana kumapazi, kumutu, kumapazinso, n'kulowa m'nyumba osayankha. Potuluka anandithira masau ouma m'manja, ngati mmene amachitira ndi mwana wodwala.

Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke. Ife a m'tauni tikuti kuyenda ndi masewera, pamene mayi wa pamudzipo wayenda kale maulendo awiri kumjigo ndowa ili pamutu ife tisanadzuke. Sindikuti musapite. Koma amene amadutsa m'mudzi osapereka moni, foni ili m'mwamba kujambula nkhokwe za eni ake kuti aike pa Facebook, amenewo ndimadana nawo, ndipo ndisanamizire kuti ndikuseka. Za fumbi la malasha ku Moatize ndisayambe, tingagone pano. Malaya oyera musavale, basi.

Nanga muyende kuti?

Tsikani ku Mutarara muwoloke mlatho wa Dona Ana kupita ku Sena. Ndi wa m'ma 1930, kutalika kwake kuposa makilomita atatu ndi theka, ndipo m'mbali mwake muli kanjira ka apansi ndi anjinga. Zambezi ali pansi panu, mphepo ikukuwombani, anjinga akukuimbirani belu kumbuyo. Mukaponda tsidya linalo ndiye kuti mwalowa m'chigawo cha Sofala. Kumeneko ambiri amayankhula Chisena, koma mudzamvana.

Pitani mu Juni kapena Julayi, munyamuke kusanache, madzi mabotolo awiri. Funsiranitu pa siteshoni tsiku lobwerera, chifukwa komboyo ya anthu siyenda tsiku lililonse. Pamwamba pa njanji musayendepo, komboyo ya malasha ndi yaitali ndipo siima msanga. Kumtsinje musatsikire kukasamba m'maso, kuli ng'ona. Mukapatukira kumudzi, yambani mwaonekera kwa amfumu, ndipo mukonzeretu yankho la funso la maliro lija, poti langa silinagwire.