Bandi yanu ndi yotchuka, koma alipo anailemba?

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achimwene. Mwafunsa ngati bandi ya kwanu ku Dedza, yomwe yatha zaka 12 ikudzaza maholo, ingakhale ndi tsamba pa Wikipedia. Mwandikumbutsa malume anga.

Malumewo ankaimba gitala m'bandi ina ya ku Ndirande m'zaka za m'ma 1990. Ukwati ukachitika iwo kulibe, anthu ankadandaula. Anatulutsa kaseti imodzi, yomwe ndinkaizunguza ndi bolopeni kuti mabatire a wailesi asathe. Atamwalira ndinati ndiwalembere mbiri. Ndinafunsa amayi, ndinafunsa mnzawo woimba ng'oma, mpaka kope linadzaza. Kenaka ndinayamba kusaka nyuzipepala yomwe inawatchulapo. Miyezi itatu, osapeza ngakhale mzere umodzi. Kope lija lidakali m'sutikesi, ndipo ndikaliona mtima umawawa.

Pa Wikipedia safunsa kuti anavina ndi anthu angati. Amafuna zomwe analemba anthu odalirika, osakhala abale kapena a m'bandimo, ndipo zikhale nkhani zakuya, osati dzina longotchulidwa pa chilengezo cha phwando. Amaonanso ngati bandi inapata mphotho yaikulu kapena inatulutsa zimbale ziwiri ku kampani yodziwika yojambula nyimbo. Tsamba lanu la Facebook silowerengedwa.

Lamuloli ndinkadana nalo, koma lero ndimati vuto lili kwathu kuno. Nyimbo zathu zinkakhala pa wailesi ya MBC ndi m'makaseti a pamsika, ndipo ndi ochepa omwe ankazisunga papepala. Taonani woimba uja, a Daniel Kachamba a ku Chileka: mbiri yawo ndi yosasowa chifukwa Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anawajambula ndi kulemba za iwo kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Madalitso Band inaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, ife tikungoidutsa. Itakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, atolankhani akunja ndi omwe anadzuka. Kodi mpaka mlendo abwere ndiye tidziwe kuti babatoni, chida cha chingwe chimodzi chomwe bandiyi imaimba, ndi chuma? Zimenezi zimandipweteka kwambiri. Atolankhani athu amathamangira andale tsiku ndi tsiku, woimba amamulemba bwino tsiku la maliro ake basi. Ngakhale ife olemba pa intaneti tili ndi mlandu womwewo.

Ndiye mutani?

Sakani nkhani zitatu zonena za bandiyo mwatsatanetsatane, kaya mu The Nation, The Daily Times kapena Malawi News. Zakale kazifufuzeni ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko lino, ku Zomba. Zikapezeka, lembani mosakometsera, ndipo ngati muli m'bandimo nenani poyera. Zikasowa, musalembe kaye, tsambalo adzalifufuta. Itanani mtolankhani adzaonere akuimba, ndipo inuyo mujambule akuluakulu a bandiyo akufotokoza mbiri yawo akadali moyo. Ine malume ndinachedwa nawo.